Thandizeni: batire ya lithium siikudzaza nthawi ya chiperoni

Moni nonse akuluakulu, makamaka inu odziwa za sola.

Ndili ndi kashopu kometera ndi kotchajitsa mafoni ku Chitakale, ku Mulanje. Ndinachotsa batire yakale ya asidi n'kuika ya lithium, LiFePO4 12.8V 100Ah. Panelo ndi ya 300W, controller (kachipangizo kowongolera katchajidwe ka batire) ndi ya mtundu wa PWM, ya 20A. Chiyambireni chiperoni batireyi siikudzaza, pofika madzulo imangozima yokha makasitomala ali pampando.

Panelo ndatsuka, mawaya ndaika onenepa, furiji ndachotsapo. Mmisiri wina wakuno wati batire ndi yakufa ndigule ina, koma sindikukhulupirira, chifukwa nditakaitchaja pa magetsi a ESCOM inagwira ntchito bwinobwino.

Kuseri kwa panelo kwalembedwa Vmp 36V (volteji imene panelo imapereka mphamvu yake yonse). Ndamva kuti PWM imakokera panelo pansi kuti ifanane ndi volteji ya batire, mphamvu yoposa theka n'kumangotayika. Kodi vuto langa ndi limeneli? Ndikagula controller ya mtundu wina ya MPPT, ikhale ya ma amp angati, nanga ndiitchere pa 14.2V kapena 14.6V? Ndalama n'zochepa, sindikufuna kugula mongoyerekeza.

Ophunzira za uinjiniya ku yunivesite ya MUST, ku Thyolo n'kufupi ndi kuno, ngati mulipo ndiunikireni chonde.