Phungu akakana ndalama za nkhondo, ndiye kuti wataya asilikali ake?

WakuKapata:
Akuluakulu, ndithandizeniko. America italanda Iraq mu 2003, a chipani cha Republican ankati a Democrat sakonda asilikali awo. A Democrat nawo ankati okonda asilikali ndi iwo, poti akufuna kuwabweza kwawo amoyo. Onse akulumbira pa msilikali yemweyo. Tsono ankasiyana pati kwenikweni? Ndikufuna za mavoti, osati zokuwa za pa msonkhano.

MkuluWakuKatete:
Bambo, yambani ndi voti ya Okutobala 2002, chifukwa ambiri amaganiza kuti chipani china chinafuna nkhondo, china n'kukana. Sizinali choncho. Chilolezo chomenya nkhondo chinadutsa ndi mavoti 296 kwa 133 ku House of Representatives, ndi 77 kwa 23 ku Senate, nyumba ziwiri za Congress, yomwe ndi Paliyamenti ya America. A Republican pafupifupi onse anavomera. A Democrat ndiwo anang'ambika pakati: ku House ambiri anakana, koma ku Senate 29 anavomera, kuphatikizapo Hillary Clinton, John Kerry ndi Joe Biden.

Mkangano weniweni unabwera pa ndalama. Kumeneko pulezidenti amalamula asilikali, koma thumba lili m'manja mwa Congress. Ndalama zambiri za nkhondoyi zinkapemphedwa padera, pa bajeti yowonjezera, ndipo bilu imodzi inkanyamula zonse: chakudya, mafuta, zovala zoteteza ku zipolopolo, ndi ndalama zomangiranso Iraq. Phungu sakanatha kusankha nyemba n'kusiya miyala. Akakana, anzake amati wamana msilikali chakudya; akavomera, watalikitsa nkhondo. Kerry anakana bilu ya madola 87 biliyoni mu 2003, ndipo anthu a Pulezidenti George W. Bush wa Republican anamukwapula nayo kampeni yonse ya 2004.

A Democrat atatenga nyumba zonse ziwiri mu Novembala 2006, anayesa njira ina: ndalama tikupatsani zonse, koma tilembemo tsiku loyamba kuchotsa asilikali. Bush anakana kusaina pa 1 Meyi 2007. Kuti biluyo idutse popanda iye pankafunika magawo awiri mwa atatu, koma ku House anapeza 222 kwa 203 basi. Mwezi womwewo usanathe ndalama zinadutsa, tsiku lija litafufutidwa.

NaPhiri_Petauke:
Akulu afotokoza bwino za thumba, koma voti imene ine ndimayesera nayo mitima ya aphungu ndi ina, ya nthawi yopuma. Bush atawonjezera asilikali ku Iraq mu 2007, asilikali osinthana nawo anachepa, ndipo mu Epulo gulu la Army linauzidwa kuti ulendo umodzi udzakhala wa miyezi 15 m'malo mwa 12, kupuma kunyumba miyezi 12 yokha. Seneta Jim Webb wa Democrat, yemwe anamenyapo nkhondo ku Vietnam, anabweretsa lamulo losavuta kumva: msilikali akhale kwawo nthawi yosachepera imene wakhala kunkhondo asanamutumizenso. Linapeza mavoti 56, koma malamulo a Senate ankafuna 60, ndiye linagwa.

A Republican ankati uku n'kuchotsa asilikali mobisa, komanso n'kulanda ntchito ya akuluakulu a nkhondo. Kunena zoona, pa masamu sanalakwe. Mukatalikitsa nthawi yopuma osalemba asilikali ena, chiwerengero cha amene ali kumalo a nkhondo chimatsika chokha. Koma apa m'pamene panaonekera poyera kuti zofuna za msilikali ndi zofuna za nkhondo zasiyana njira, ndipo phungu aliyense anayenera kusankha mbali. Kuvala kambendera pa jekete kunalibe ntchito tsiku limenelo.

WakuKapata:
Zikomo mayi. Nanga maiko ena amene anatumiza asilikali, kunalinso chimodzimodzi?

Mnyamata_waMchini:
Ayi, musaganize kuti chipani cha kumanzere, monga Democrat kapena Labour, nthawi zonse chimakana nkhondo. Ku Britain amene anatsogolera nkhondo ndi nduna yaikulu Tony Blair wa Labour. Pa 18 Malichi 2003 Paliyamenti inavomera ndi 412 kwa 149, a Conservative akumuthandiza, pamene aphungu ake omwe 139 anavotera mawu otsutsa, Robin Cook atatula kale pansi unduna dzulo lake. A Liberal Democrat anakana monga chipani. Ku Spain nkhani inathera pa chisankho: Zapatero atapambana mu Malichi 2004, asilikali pafupifupi 1,300 anali atachoka ku Iraq pofika kumapeto kwa Meyi.

Chenjezo limodzi, poti tikukhala moyandikana ndi Gonda Barracks kuno ku Chipata ndipo ambiri tili ndi abale ovala yunifomu. Asilikali athu a Zambia amene ali ku Central African Republic musawaike m'gulu limeneli. Iwo ali pansi pa United Nations, osunga mtendere. America ndi Britain ku Iraq anali olamulira dziko la eni, ndipo Security Council, nthambi ya zachitetezo ya United Nations, inawatchula choncho mu Resolution 1483 ya Meyi 2003. Chimene tingatengepo ndi mafunso ofunsa MP wathu bajeti ya unduna wa zachitetezo ikafika ku Paliyamenti: ulendo umodzi ndi wa miyezi ingati, alawansi imafika liti, ndipo wovulala amasamalidwa ndi ndalama zochokera pa mutu uti.