Thandizani msanga: Sauli ndi mkazi wa ku Endori andisokonezera kalasi

Mlaliki wa ku Domwe:
Abale ndi alongo pepani moni ndidzapereka bwino tsiku lina, mamega atsala pang'ono. Loweruka lapitali kalasi yandithera m'manja. Tinali pa lamulo loyamba la Malamulo Khumi, ndikufotokoza za kuombeza ndi nsembe za mizimu. Ndawerenga Deuteronomo 18:10-12, ndanena monga timanenera tonse kuti akufa sabwera kudzalankhula, amene amayankha kwa sing'anga ndi ziwanda. Mnyamata wina wa kalasi ya 10 kusukulu (décima classe) wakweza mkono. Akuti a Mlaliki, nanga 1 Samueli 28, pamene mfumu Sauli anapita kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori kuti amuutsire mneneri Samueli amene anali atamwalira? Watsegula pa foni n'kuwerenga yekha mokweza. Akuti pamenepa sipanalembedwe kuti chiwanda chinati, palembedwa kuti Samueli anati, vesi 15, vesi 16, ndipo vesi 20 ikuti Sauli anaopa mawu a Samueli. Ndiye akuti ngati wobwebweta anautsa mneneri wa Mulungu, zonena zake n'kuchitikadi, bwanji mukuti makolo athu ankanama?

Akalasi 23 onse maso pa ine. Amayi awiri kumbuyo mitu gwedegwede kuvomera iyeyo. Ine ndinangoti tidzapitiriza, n'kutseka ndi pemphero lalitali lothawirapo. Abusa athu safika kuno mpaka mgonero wa mwezi wamawa. Loweruka ndikanene chiyani? Musandiuze kuti ndipemphere, ndapemphera kale.

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Chinali chiwanda. 2 Akorinto 11:14, Satana amadzionetsa ngati mngelo wa kuunika. Mumuuze zimenezo mupitirize phunziro.

Mlaliki wa ku Domwe:
Ndinamuuza bambo. M'pamene anandipatsira foni kuti ndimusonyeze vesi ya m'mutu umenewo yotchula chiwanda. Mulibe.

Mayi wa Sande sukulu, Ulongwe:
A Mlaliki, mavesi adikire kaye. Mwanayo kwawo kwagwa maliro posachedwa? Ine chaka china mtsikana wina anandivutitsa masabata atatu ndi nkhani ya Lazaro, akuti masiku anayi aja anali kuti, ankamva njala kodi, ankazizidwa. Ine ndi nzeru zanga ndinkangotsegula konkodansi, buku lofufuzira mavesi, usiku ndi tochi. Kenako ndinamva kwa amayi a chigwirizano kuti amayi ake akulota malemu amuna awo akudandaula kuzizira, ndipo achibale akuti afulule mowa agule bulangete. Mwana ankafuna kudziwa ngati bambo ake akuzunzika kumene ali. Masabata atatu ndinkayankha funso limene sanafunse.

Abusa a ku Tsangano:
A Mlaliki, choyamba musadzione ngati mwalephera. Mutu umenewu wagawa aphunzitsi a mpingo kuyambira kale. Origen m'zaka za m'ma 200 ankati anali Samueli weniweni. Tertullian ankati chiwanda. Augustine anayamba ndi kukayika mbali zonse, pambuyo pake anapendekera kwa Samueli. Luther ndi Calvin anati sanali Samueli. Palinso ena amati mkaziyo anangochita chinyengo, poti Sauli sanaone kanthu ndi maso ake, anachita kufunsa kuti munthuyo akuoneka bwanji. Ndiye mukauza mwana wodziwa kuwerenga kuti nkhaniyi ndi yapafupi, adzadziwa kuti mukumubisa kanthu, ndipo sadzakufunsaninso.

Ineyo ndimaima pakuti anali Samueli, koma sanautsidwe ndi mkaziyo. Onani vesi 12. Munthu amene ntchito yake ndi yomweyo, ataona Samueli anakuwa ndi mawu aakulu. Sing'anga sakuwa ula wake ukagwa mmene umagwera masiku onse. Chinamuchitikira chimene sanachizolowere. Mulungu analowerera yekha, monga anatsegulira pakamwa pa bulu wa Balamu, ndipo palibe amene amapita kukafunsira nzeru kwa abulu chifukwa cha tsiku limodzi lija.

Koma Loweruka musayambire pamenepo. Muwerenge nawo mutu wonse pang'onopang'ono, aliyense vesi yake. Sauli yemweyo ndi amene anachotsa obwebweta m'dziko, vesi 3. Lero wavula zovala zachifumu, wavala zina, akuyenda usiku ndi anthu awiri, ndipo Endori ili kuseri kwa kumene Afilisti amanga misasa ku Sunemu. Waika moyo pachiswe kuti amve chiyani? Iye anafunsa kuti ndichite chiyani. Funso limenelo silinayankhidwe. Anamva zomwe anamva kale Samueli ali moyo pa mutu 15, za Amaleki ndi ufumu kung'ambidwa, kuwonjezerapo tsiku la imfa yake. Ngakhale mwinjiro umene anamuzindikira nawo ukukumbutsa uja anaung'amba pa 15:27. Anagwa pansi chatantha, asanadye usana wonse ndi usiku wonse, mpaka mkaziyo kumumvera chisoni n'kumuphera mwanawang'ombe. Afunseni akalasiwo kuti mfumuyi inabwerako ndi chiyani.

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Abusa ndimakulemekezani koma apa ayi. Vesi 6 ikuti Yehova sanamuyankhe m'maloto, kapena ndi Urimu (maere opatulika a ansembe), kapena ndi aneneri. Ndiye Mulungu akane kuyankha pa khomo n'kukayankhira pa zenera la mfiti? Chinali chiwanda. Ndipo 1 Mbiri 10:13 ikuti Sauli anafa chifukwa chofunsira kwa wobwebweta.

Abusa a ku Tsangano:
Bambo, 1 Mbiri 10:13-14 tonse tikuivomera, ndipo ndi vesi imene a Mlaliki ayenera kutsekera. Ikunena kuti kupitako kunali tchimo. Sikunena kuti anatuluka ndani. Za Urimu kumbukiraninso kuti Sauli anaphetsa ansembe 85 a ku Nobu, wotsalayo Abiyatara anathawira kwa Davide ndi efodi, chovala cha wansembe chofunsirira kwa Mulungu. Khomo analitseka yekha.

Katekisiti wa ku Lifidzi:
Ife Akatolika funsoli limapepuka pang'ono chifukwa buku la Sira 46:20 imanena kuti Samueli analosera ngakhale atagona kale, nadziwitsa mfumu za imfa yake. Koma a Mlaliki musakaitchule, m'Baibulo mwanu mulibe, mudzangotsegula mlandu wachiwiri wa mabuku 66 ndi 73, umenewo sutha Loweruka limodzi. Chimene ndingachenjeze n'chakuti mukangonena kuti anali Samueli osafotokoza bwino, mawa mudzi wonse udzamva kuti a Mlaliki avomereza. Anthu amatenga theka la chiganizo. Ine ndinanenapo pa mphakati kuti timapempherera akufa, sabata yotsatira agogo ena anathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo akuti akatekisiti atilola.

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Mwaona? N'zimene ndikunena. Kuti chiwanda n'kosavuta, palibe amene angakhotetse.

Mlaliki wa ku Zóbuè:
Ine ndingochenjeza chimodzi, musathamangire Mlaliki 9:5. Ndinapsa nayo. Munthu anandifunsa funso lomweli pa siwa, anthu ali phee kuzungulira moto, ine ndi changu ndinati akufa sadziwa kanthu bi, nkhani yatha. Kutacha pa mwambo ndinalalikira kuti malemu ali ndi Ambuye akupumula, ndinawerenga za wachifwamba uja pa Luka 23:43. Pobwera kumanda bambo wina wa mpingo wina uja wophunzitsa kuti mzimu umagona anandigwira dzanja akumwetulira, akuti usiku munali wathu, m'mawa mwabwerera kwanu. Mpaka lero akandiona pamsika amandiitana m'bale. Akulu ampingo anandikhazika pansi maola awiri.

Mukafuna vesi yothandiza tengani Luka 16. Mwini chuma anapempha kuti Lazaro atumidwe kwa abale ake asanu, Abrahamu anakana, anati ali ndi Mose ndi aneneri. Yesaya 8:19 nayonso ndi yabwino, imafunsa chifukwa chofunsira kwa akufa m'malo mwa amoyo. Koma mnyamata wanuyo akumveka wochenjera, adzakufunsani za Mose ndi Eliya paphiri, Mateyu 17. Konzekeranitu.

Wophunzira za ubusa, Ulongwe:
Ndiwonjezeko pang'ono. Pa vesi 13 mawu a Chihebri ndi elohim, n'chifukwa chake Almeida yakale, Baibulo la Chipwitikizi, imati deuses que sobem da terra (milungu yokwera kuchokera pansi) pomwe ina yokonzedwanso imati um deus (mulungu mmodzi). Mawuwa satanthauza Mulungu yekha, amanenanso za okhala m'dziko losaoneka. Ndipo kukwera kuchokera pansi si umboni woti ndi chiwanda, chifukwa m'Chipangano Chakale akufa onse, olungama ndi oipa, amanenedwa kuti atsikira ku Sheol, dziko la akufa. Yakobo yemwe anati adzatsikirako kwa Yosefe, Genesis 37:35. N'chimodzimodzi ndi mawu oti mawa udzakhala ndi ine pa vesi 19, sakutanthauza kuti Sauli akupita kumwamba, akutanthauza kuti afa.

Mlaliki wa ku Zóbuè:
Achimwene zimenezo n'zoona koma mukanene elohim pansi pa mtengo wa mango muone ngati amayi aja satulutsa mtedza n'kuyamba kusenda.

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Masiku ano ana a sukulu akutiphunzitsa Chihebri. Ine ndabatizidwa musanabadwe, Buku Lopatulika ndaliwerenga mpaka chikuto kutha. Munthu wa Mulungu sangautsidwe ndi mfiti. Chiwanda.

Wophunzira za ubusa, Ulongwe:
Pepani bambo sindinafune kuderera. Komatu palibe pano amene wanena kuti mfiti inamuutsa.

Mlaliki wa ku Domwe:
Mayi a ku Ulongwe munalasa. Ndafunsa kwa mkulu wa dera lawo. Bambo ake a mnyamatayu anamwalira nthawi yokolola, ngozi ya njinga yamoto akuchokera kogulitsa mbatatesi. Abale a malemu akusonkha ndalama kuti akaombeze kutsidya kwa malire, akuti imfayo si yabwino. Dzina limene likunong'onedwa ndi la azakhali ake a malemu, agogo okhala okha kumapeto kwa mudzi. Mnyamatayu amuuza kuti monga mwana woyamba apite nawo. Ndiye mutu wandikulira kuposa poyamba. Ine ndimaganiza kuti akungondiyesa.

Mayi wa Sande sukulu, Ulongwe:
Mayo ine. Ndiye musadikire Loweruka. Koma musapitenso nokha, ndipo musafike ndi Baibulo lotsegula ngati mwabwera kudzazenga mlandu. Pitani kukapepesa maliro kaye ngati simunapite bwino. Amayi anzawo apite kukawaona mayi ake. Ndipo pa kalasi musatchule ngakhale pang'ono za kwawo, mwana adzachita manyazi sadzabweranso.

Abusa a ku Tsangano:
Apa pali moyo wa munthu. Kumene ndinatumikira koyamba anthu anabwera kuchokera koombeza madzulo, usiku womwewo nyumba ya gogo wina inapsa, tinamusunga ku nyumba ya abusa miyezi inayi, ndipo ena mwa otenthawo anali oimba kwaya. Sindinaiwale fungo la udzu uja. Muwaimbire abusa anu lero, asadikire mgonero. Anyakwawa adziwenso msanga, mwaulemu, kudzera mwa mkulu wa mpingo amene amamvana nawo. Musaopseze banjalo ndi kudula, mukatero adzapita mobisa ndipo simudzamva kanthu mpaka zitachitika. Mnyamatayo musamuike pakati kuti asankhe inu kapena abambo ake aang'ono pamaso pa anthu. Mukakhala naye awiri muuzeni zoona, kuti funso lake ndi labwino, kuti inuyo simunayankhe bwino tsiku lija. Kenako muwerenge naye mutuwo. Samueli sanatchule munthu aliyense kuti ndiye walodza Sauli. Anamuloza mwini wakeyo.

Katekisiti wa ku Lifidzi:
Agogowo wina akawaone sabata ino. Nthawi zambiri iwo amakhala omaliza kumva.

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Zonsezi n'zabwino koma mukamuuza mwanayo kuti anali Samueli ndiye mwamupatsa chiphaso cha ulendo. Adzati nanenso Mulungu angalowerere ndimve bambo anga. Ine ndaona zambiri. Muuzeni chiwanda.

Mlaliki wa ku Zóbuè:
Apa pokha bambo a ku Furancungo ali ndi mfundo, ngakhale aibwereza kasanu.

Abusa a ku Tsangano:
Mfundo ilipo. Koma mwanayo wawerenga kale yekha, vesi sitingaifufute. Akagwira kuti tamunamiza pa ichi adzakayika ndi Deuteronomo yemwe.

Mlaliki wa ku Domwe:
Ndamva. Ndiyesa kupita Lachinayi ndi mkulu wa dera ngati mvula ilola, mtsinje wadzaza. Foni ya abusa sikulowa.

Wophunzira za ubusa, Ulongwe:
Ndili ndi mapepala anayi a m'kalasi pa mutu umenewu koma ndi a Chipwitikizi. Wina angathe kuwatembenuza? Ndingatumize zithunzi.

Mayi wa Sande sukulu, Ulongwe:
Tumizani koma zithunzi zimadya mamega. Pa nkhani ya mabuku, alipo amene akupita ku Dedza mwezi uno? Tikufuna Mabaibulo 6 a ana omaliza kalasi, a zilembo zazikulu ngati alipo. Kuno akupezeka a Chipwitikizi okhaokha.

Mlaliki wa ku Zóbuè:
Ine ndimadutsa ku Mwanza, Dedza n'kutali. Funsani a ku Calómuè. Ndipo musatumize makwacha osinthira pamalire musanamve mtengo, chaka chatha ndinabwerako ndi anayi m'malo mwa asanu.

Katekisiti wa ku Lifidzi:
A Mlaliki a ku Domwe, Lachinayi munapita? Agogo aja ali bwanji?

Mkulu wa mpingo, Furancungo:
Mabaibulowo mundigulireko limodzi, langa Masalimo athothoka.