Foni ikuona pulinta pa Wi-Fi Direct koma ikukana kupulinta, thandizeni msanga

Wa ku Limbe:
Akuluakulu ndatopa, chiyambire m'mawa ndili pa shopu ya mayi ena amene amapulinta mapepala pafupi ndi sekondale. Kompyuta yawo inapsa bolodi mwezi watha, ndalama yogulira ina palibe, ndiye akufuna makasitomala azipulinta kuchokera pa foni. Router palibe. Pulinta ndi ija ya matanki a inki, Wi-Fi Direct, ija yolumikiza foni ndi pulinta mwachindunji popanda router, ilimo, ndayatsa, kanyali kakuwala, dzina loyamba ndi DIRECT likuoneka pa mafoni onse atatu. Yanga ikupulinta bwinobwino. Ya mayiwa ikukonekita, ikulemba kuti palibe intaneti, ukatsegula PDF n'kupita pa Print pulinta sikuoneka. Ya mnyamata wawo yangoima pa "Invited" mpaka kudzitaya yokha. Ndazimitsa n'kuyatsa, ndapanga forget network, ndaika app yopulintira ya Mopria, chimodzimodzi. Mawa ana a Fomu 4 akubwera ndi mapepala a mayeso akale ali m'mafoni mwawo. Chonde wina asandiuze kuti ndipange restart, ndapanga kale kakhumi.

Madala a ku Mzuzu:
Achimwene gulani chingwe cha OTG cholumikizira foni ku pulinta mupite kunyumba mukadye nsima. Zopanda waya izi n'zotayitsa nthawi.

Wa ku Limbe:
Madala, mayiwa akufuna mwana aliyense atumize yekha ali kunja kwa kauntala. Chingwe ndiye kuti foni iliyonse izidutsa m'manja mwawo.

Mlongo wa ku Area 25:
Muli ndi mavuto awiri osiyana pamenepo, musawaphatikize. Tiyambe ndi foni ya mayiwo. Zimitsani data ya pa SIM kaye, muyesenso. Foni ikalowa pa netiweki ya pulinta imafufuza intaneti, ikaipeza mulibe, mafoni ambiri amasiya chizindikiro cha Wi-Fi chili pamwamba koma zonse n'kumazidutsitsa pa data. Ndiye app ikufunafuna pulinta kumene kulibe. Kauthenga kaja kakabwera kofunsa ngati mukufuna kukhalabe pa netiweki yopanda intaneti, vomerani, osakachotsa ndi chala.

Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi VPN. Yang'anani pamwamba pa sikirini ngati pali kakiyi. Anthu ambiri kuno amaika ma VPN aja osakira intaneti yaulere, ena anachita kuikiridwa ndi ana awo, eni ake sadziwa n'komwe kuti ilimo. VPN ikayaka nthawi zambiri foni siona zipangizo za pafupi, kaya pulinta kaya TV. Ine zinandidyera tsiku lonse pa ofesi ina chaka chatha, ndinafika potsegula pulinta kuti ndione ngati kabolodi ka Wi-Fi kasomoka, kumachita kudzaona madzulo kuti abwanawo ali ndi VPN yoyaka yokha foni ikangoyaka.

Wa ku Limbe:
Data ndinazimitsa. VPN sindinayang'ane, mayiwa atuluka ndi foni yawo apita kumsika. Nanga ya mnyamatayi?

Mlongo wa ku Area 25:
Ya mnyamatayo mwadzera pa menyu ya Wi-Fi Direct yeniyeni, n'chifukwa chake ikulemba "Invited". Pamenepo foni yaitana, ikudikira kuti pulinta ivomere. Pali batani loti mudine pa pulintapo, kapena PIN imene imatuluka pa kasikirini kapena pa pepala, ndipo nthawi yake ndi mphindi ziwiri zokha. Ngati munali kuyang'ana foni osayang'ana pulinta, nthawi inakutherani. Njira yosavuta, siyani menyu imeneyo, pitani pa Wi-Fi wamba, sankhani dzina la DIRECT lija, lembani pasiwedi ngati mmene mungalowere pa router. Yatsaninso Location, chifukwa Android siilola app kufufuza zipangizo zapafupi popanda imeneyo, ndipo kuyambira Android 13 pali chilolezo china cha Nearby devices choti mupatse app yopulintirayo. Hotspot ikhale yozima. Mafoni ambiri otchipa sangathe hotspot ndi Wi-Fi Direct nthawi imodzi.

Madala a ku Mzuzu:
Mwaona? Data zimitsa, VPN zimitsa, hotspot zimitsa, Location yatsa, dina batani mphindi ziwiri zisanathe. Zonsezi muziwauza ana makumi asanu mmodzimmodzi? Chingwe ungolowetsa basi.

Wa Soda wa ku Zomba:
Madala musanamize anthu kuti chingwe ungolowetsa. Print ya Android yomwe imabwera m'foni siona pulinta ya pa USB, pamafunika app ina, ndipo zambiri mwa izo n'zodzaza ndi zotsatsa kapena n'zolipira. Mwana aliyense aziika app imeneyo ndi bandulo ya ndani? Mafoni ena OTG umayenera kuyatsa mu Settings, ikakhala mphindi khumi osagwira ntchito imadzizimitsa. Kenako wina abwera ndi Type-C, wina micro USB, wina iPhone. Ndipo ine amene ndimakhalira kusintha ma charging port ndikuuzeni, kadoko ka foni kakamalowetsedwa zingwe za msika tsiku lililonse sikachedwa kugwedera. Kasitomala adzanena kuti foni yake inaonongekera pa shopu ya mayiwo.

Madala a ku Mzuzu:
Ine ndayamba ntchito imeneyi mafoni ali a mabatani. Sindinaonepo chingwe chikufunsa pasiwedi.

Wa ku Joni:
Poti mwatchula pasiwedi. Achimwene a ku Limbe, chilichonse chimene mupange, musachoke pa shopupo musanasinthe pasiwedi ya Wi-Fi Direct. Ma HP ambiri akale amabwera ndi 12345678, ndipo mwana aliyense wodziwa Google aipeza. Kuno ku Johannesburg ndinaikira pulinta munthu wina wa shopu mu nyumba ija yokhala ndi mashopu ambiri pansi, anthu n'kumagona pamwamba. Ndinasiya pasiwedi momwemo poti ndinali pa changu. Patatha sabata akundiimbira kuti pulinta yalodzedwa, ikumatulutsa mapepala yokha usiku. Kupita ine, thireyi yonse yadzaza zithunzi za mitundu, inki yofiira yatsala pang'ono kutha. Anali ana a pamwamba, anaipeza pa Wi-Fi n'kumaseweretsa. Inki ndinagula ndine, munthuyo sanafune kumva zambiri. Ndiye inu mukuti pafupi ndi sekondale? Pasiwedi mukapatsa mwana mmodzi mwapatsa sukulu yonse. Azidzaima kuseri kwa khoma n'kumatumiza masamba zana, mayiwo azingoona mapepala akutuluka osadziwa woti amulipiritse.

Wa ku Limbe:
Zimenezo sindinaganize. Koma pasiwedi ndisinthira pati, pulintayi ilibe sikirini, mabatani okha.

Mlongo wa ku Area 25:
Foni yanu ija ikukonekita, tsegulani Chrome mulembe IP ya pulinta, manambala aja a adiresi yake pa netiweki, tsamba lake la setingi lituluka. IP muipeza pa pepala la network status, ma pulinta ambiri ali ndi batani lotulutsira pepala limenelo. Pa HP kawirikawiri imakhala 192.168.223.1. Mukaona foni ili ndi 192.168.49.1 ndiye kuti foniyo ndi imene yakhala mwini gulu, osati pulinta, zichotseni muyambirenso. Pa tsamba lomwelo onani chiwerengero cha mafoni olumikizidwa. HP imalola asanu, Epson zina anayi zina asanu ndi atatu. Malo akadzaza wotsatira amangokanidwa popanda uthenga womveka. Tangoganizani mawa ana ali pamzere, aliyense wapulinta koma sanachoke pa netiweki, waima panja akucheza.

Chinanso, mukasintha pasiwedi mafoni onse amene analowapo kale adzakana mpaka mutapanga forget. Musadzaganize kuti mwaononga.

Wa Soda wa ku Zomba:
Ndichenjezeko pa tsamba limenelo. Pali batani la firmware update, losinthira pulogalamu ya mkati mwa pulinta, ndi la restore defaults, zala zanu zikhale kutali. Update ikamayenda magetsi n'kuthima, pulinta yasanduka mwala, ndipo bolodi lake simulipeza msanga. Ine ndili nayo imodzi pansi pa tebulo chaka chachiwiri tsopano, mwini wake anasiya n'kundipatsa moni. Ngati reset ikufunika pangani ya network yokha.

Madala a ku Mzuzu:
Magetsi akathima n'kuyakanso muona, kanyali ka Wi-Fi kaja kazima, mayiwo akuimbirani mubwerenso ku Limbe ndi thiransipoti yanu. Chingwe sichiiwala setingi. Ndanena kachitatu.

Wa ku Chipata:
Madala pang'ono ali ndi mfundo, koma yankho si chingwe pa foni ya aliyense. Kwa ife kuno tinachita chonchi pa shopu ya mlamu wanga. Tinapeza foni imodzi yakale, sikirini yosweka pakona koma yogwira, tinachotsa SIM, VPN mulibe, tinaikonekita ku pulinta kamodzi, imakhala pa chaja pa kauntala. Pasiwedi amadziwa mwini shopu yekha. Kasitomala amatumiza fayilo ku foni imeneyo ndi Quick Share, ija inkatchedwa Nearby Share asanaiphatikize ndi ya Samsung mu 2024, kapena Bluetooth ngati ndi kapepala kamodzi. Mwini shopu amaona masamba angati, amalandira ndalama, kenako amapulinta. Palibe wopulinta asanalipire.

Vuto lake lilipo, ndisabise. Xender ndi SHAREit zimayatsa hotspot, ndiye foni ya pa kauntala imachoka pa pulinta, umayenera kuibwezera pamanja ukamaliza kulandira. Quick Share nayonso nthawi zina imagwetsa kulumikizana fayilo ikakhala yaikulu, poti nayo imadzera pa Wi-Fi yomweyo. Mnyamata wa pa shopu akazolowera sizivuta, koma sabata yoyamba mudzalandira mafoni ambiri.

Mlongo wa ku Area 25:
Njira imeneyo ndi yabwino koma muwauze mayiwo azifufuta mafayilo madzulo aliwonse. Anthu amapulinta ziphaso za unzika, masatifiketi a MSCE, makalata a kuchipatala, mapepala a kubanki. Zonsezo zikaunjikana mu foni yopanda loko ili pa kauntala, tsiku lina idzabedwa ndipo mlandu udzafika kwa amene anaika dongosolo. Ine foni ya kasitomala sindilowanso mu Gallery ngakhale atandipatsa yekha, ndimamuuza atsegule fayiloyo andipatse ili yotsegula. Ndinaphunzira movutikira, munthu anandinamizira kuti ndaona zithunzi zake.

Wa ku Joni:
Nanga a iPhone? Ana a masiku ano ena ali nawo. Mu iPhone mulibe menyu ya Wi-Fi Direct ngakhale Quick Share ya pa foni yakale ija sangaigwiritse. Iwo amalowa pa dzina la DIRECT ngati Wi-Fi wamba n'kupulinta ndi AirPrint, njira yopulintira ya Apple, ngati pulintayo ili nayo. Ma pulinta a matanki otchipa ena alibe AirPrint, amafuna app ya kampani yake.

Wa Vidiyo ku Ndirande:
Pepani ndilowerere, poti nkhani ndi yomweyi. Ine ndili ndi TV pa holo yoonetsera mpira, ndimafuna ndizionetsa kuchokera pa foni dikoda ikavuta. Samsung ya mng'ono wanga ikadina Smart View imatuluka pa TV nthawi yomweyo. Yanga ikadina Cast imangozungulira osapeza kanthu. TV yomweyo, chipinda chomwecho.

Mlongo wa ku Area 25:
Zimenezo ndi ziwiri zosiyana ngakhale mayina akufanana. Smart View imayendera Miracast, njira yoonetsera sikirini ya foni pa TV, ndipo Miracast imakwera pa Wi-Fi Direct, siifuna router. Cast ya Google imafuna Chromecast kapena TV yokhala nayo mkati, zonse ziwiri zili pa netiweki imodzi. Google inachotsa Miracast mu Android yake kuyambira pa 6.0, makampani ena anaibwezeramo okha, ena ayi. Fufuzani mu Settings mawu oti wireless display. Ngati mulibe, palibe app ya pa Play Store imene ingaiikemo, musataye bandulo.

Wa Vidiyo ku Ndirande:
Ndiye ya mng'ono wangayo imadukaduka holo ikadzaza, chithunzi chimaima wosewera ali pafupi kugoletsa, anthu amafuna kundimenya.

Wa Soda wa ku Zomba:
Anthu makumi angapo, aliyense foni m'thumba, ena ayatsa hotspot, ena Bluetooth, zonse zikupanikizana pa 2.4 GHz. Zipangizo za Wi-Fi Direct zimafunana pa chanelo 1, 6 ndi 11, momwe mwadzaza kale aliyense. Ikani foni pafupi ndi TV, osati kumbuyo kwa holo kumene mumalandirira ndalama. Matupi a anthu nawonso amatchinga.

Madala a ku Mzuzu:
HDMI. Chingwe. Mpira suima.

Wa Soda wa ku Zomba:
Madala, mafoni ambiri amene anthu ali nawo kuno satulutsa chithunzi pa Type-C, kadoko kake ndi ka chaja ndi mafayilo basi. Mugulitsa munthu adaputala yoti sikagwira.

Madala a ku Mzuzu:
Ndiye agule laputopu yakale. Ndi mayi a ku Limbe aja chimodzimodzi, m'malo molipira tekinishani maulendo asanu akanagula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito, USB kumbuyo kwa pulinta, nkhani yatha. Inu achinyamata mumakonda zinthu zoti muzibwererako.

Wa ku Chipata:
Fayiloyo ifika bwanji pa kompyutapo madala, ngati si pa waya wa foni ya kasitomala kapena WhatsApp? Ndipo pa WhatsApp muwauze atumize ngati document, akatumiza ngati chithunzi chimafinyidwa, zilembo zing'onozing'ono za pa pepala la masamu sizioneka.

Wa ku Joni:
Achimwene a ku Limbe, mayi aja abwerako kumsika? Kakiyi kalipo pa foni yawo?

Wa Vidiyo ku Ndirande:
Wireless display ndaifufuza mulibe. Alipo amene akugulitsa Samsung yogwira bwino, ngakhale yosweka kumbuyo? Masewero a Loweruka ndisaphonye.