Kodi mankhwala a thonje ndi chimanga ndiwo akupha mileme?

A Banda, Chipangali:
Abambo ndi amayi, alimi ena kuno akupeza timileme takufa m'munsi mwa mitengo ya m'mbali mwa minda, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale pamene kupopera kwafika pachimake. Mleme sudya masamba a thonje. Nanga mankhwala amaulowa bwanji? Ndipo mlimi atani, poti mbozi sangazilekerere?

Amayi Zulu, Katete:
A Banda, amaulowa ndi chakudya. Timileme tating'onoti timadya agulugufe ausiku, omwe aja amaikira mazira a mbozi za thonje ndi za chimanga. Pa usiku umodzi kamleme kangadye tizilombo tolemera theka la thupi lake, kakamayamwitsa kuposa apo. Gulugufe wonyowa ndi mankhwala amauluka mofooka, ndiye woyamba kugwidwa.

Chlorpyrifos ndi anzake amasokoneza minyewa: mleme umanjenjemera, kulephera kuuluka, n'kugwa pansi pomwe mphaka akuudikira. DDT ndi endosulfan amakhalitsa m'mafuta a thupi n'kupita kwa mwana kudzera mumkaka. Apa ndiye pondidetsa nkhawa, chifukwa mileme yambiri imabala mwana mmodzi pachaka, ndipo imabala nyengo ya mvula, yomweyo yomwe tikupopera. Gulu likachepa limatenga zaka kuti libwerere. Cypermethrin ndi lambda-cyhalothrin sakhalitsa chotero, koma amapha tizilombo mosasankha, mleme n'kutsala ndi njala.

Wakufayo musaugwire ndi manja, mileme ina imakhala ndi chiwewe. Unyamuleni ndi fosholo, muukwirire.

A Tembo, Lundazi:
Amayi afotokoza bwino. Ine ndinene za kumunda. Chibwerereni mbozi ya fall armyworm kumapeto kwa 2016, ambiri amapopera sabata ndi sabata osayang'ana n'komwe ngati ilimo. Yambani mwayendera munda: imani malo 5 otalikirana, pamalo aliwonse onani mapesi 10. Pa chimanga chaching'ono, ngati mapesi oboola kumene sanafike 10 mwa 50, sipuleya ikhale kaye. Pamunda waung'ono, phwanyani mazira ndi kutola mbozi ndi manja.

Ikakwana nthawi, lozetsani nozo mumtima mwa phesi momwe mbozi yabisala, osamwaza m'mwamba, ndipo kukakhala mphepo lekani. Alangizi amati m'mawa kapena madzulo. Ine ndikuti m'mawa, mame atangouma, kuti mankhwala aume dzuwa lisanalowe. Wopopera chamadzulo amanyowetsa masamba pa ola lomwe agulugufe ndi mileme zikutuluka.

Muyezo ndi wa palebulo, pa sipuleya ya malita 16. Kuonjezera chivindikiro china "kuti agwire msanga" n'kutaya ndalama ndi kuthira poizoni wosafunika. Gulani okhawo olembetsedwa ndi ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe ku Zambia, osati a m'timabotolo topanda dzina ta pamsika. Mzere wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira palebulo ukunena za kuopsa kwa munthu, choncho wobiriwira sukutanthauza kuti zamoyo zina zapulumuka.

Sipuleya musatsukire kudambo kapena kudamu, mileme imamwa madzi ikuuluka pamwamba pake. Chigubu cha mankhwala chikatha tsukani katatu, madziwo muthire m'sipuleya, kenako chibooleni.

A Mwale, Chipata:
A Tembo, zonse ndavomera, koma tisaiwale kuti mileme ina imafera m'nyumba, osati kumunda. Anthu amaponya mapiritsi ofukizira chimanga, aluminium phosphide, m'siling'i. Akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine womwe umatsikira m'zipinda ndipo umapha anthu, ana poyamba. Chonde lekani.

Njira yochotsera mileme m'siling'i osaipha ndi iyi: madzulo onani pomwe ikutulukira, tsekani mabowo ena onse, pa lotsalalo lendewetsani neti yomata pamwamba ndi m'mbali, pansi potseguka. Imatuluka koma kubwerera imalephera. Pakatha sabata matani. Chitani izi nyengo yozizira, Juni kapena Julayi, ana ataphunzira kuuluka, kuopa kuwatsekera mkati kuti awolere momwemo.

Kafukufuku wa 2024 ku America anapeza kuti m'maboma momwe mileme inafa ndi matenda, alimi anawonjezera mankhwala ophera tizilombo ndi 31 peresenti, ndipo imfa za makanda zinakwera pafupifupi 8 peresenti. A Banda, uzani alimiwo alembe tsiku lomwe apopera, dzina la mankhwala ndi tsiku lomwe apeza mileme yakufa, apereke kwa mlangizi wa kampu yawo.