Hilux ya malemu bambo ikulira ndikathira petulo mukabureta, kenako nkuzima. Vuto lili pati?

Mlimi wa ku Bembeke:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pakhomo pano pali pikapu ya malemu bambo anga, Toyota Hilux yakale ija ya petulo, injini yake 4Y, yakabureta. Zakwana zaka zitatu ili pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. Siinaime chifukwa chowonongeka ayi. Tsiku lomaliza bambo anabwera nayo okha kuchokera ku Dedza boma, nkuyiimika, kiyi nkupachika pamsomali. Sabata yomweyo anayamba kudwala. Chaka chino mbatatesi zachita bwino, ndipo mtima ukundiwawa kumalipira eni magalimoto kuti andinyamulire matumba kupita ku Lizulu pomwe galimoto ili pakhomo.

Ndagula batire latsopano, ndasintha oyilo ndi mapulagi onse anayi. Ndisanaikhudze ndi kiyi ndinayamba ndazunguza injini ndi sipanala, ikuzungulira bwinobwino. Moto kumapulagi ukufika. Koma sitata ikungozungulira, galimoto osalira. Ndikachotsa chivundikiro cha air cleaner nkudonthezera petulo pang'ono mukabureta, imalira nthawi yomweyo, mawu ake abwino ngati kale, koma mukawerenga mpaka 5 yazima.

Muthanki munatsala petulo wakale, mwina kota. Ine ndinangowonjezerapo malita 10 atsopano. Ndikatsegula chitsekero pakutuluka fungo ngati la vanishi wopaka mipando. Mnzanga wina akuti ndigule pampu ya petulo yamagetsi, wina akuti kabureta inafa, ndikafune ina ku Lilongwe. Ndalama za zonse ziwiri ndilibe. Ndiyambire pati?

Makaniko wa ku Kawale:

Pepani ndi za bambo, achimwene. Injiniyo ndi yamoyo, musade nkhawa. Ngati ikulira mukaidyetsa ndi dzanja, ndiye kuti moto ulipo, komanso mphamvu mumasilinda ilipo. Chikusowa ndi petulo wofika yekha. Musagule kanthu kaye.

Malita 10 aja ndiye mwawataya, ndikuuzeni chilungamo. Petulo akakhalitsa, mbali yake yopepuka, yomwe imagwira moto msanga, imauluka, nkutsala zomata ngati ulimbo. Fungo la vanishi mukumvalo ndi lomwelo. Watsopano mwathirayo akusungunula ulimbo uja nkuutumiza kutsogolo. Ndiye lekani kuizunguza ndi sitata thanki ili yolumikizidwa.

Yambirani pakabureta, muzibwerera chammbuyo. Makabureta a Aisan omwe amabwera ndi injini zimenezi ali ndi kagalasi pambali pa kabakuli kosungira petulo. Kapukuteni muone. Petulo ayenera kufika chapakati pa kagalasiko. Ngati mulibe kanthu, petulo sakulowa: mwina sakufika nkomwe, mwina akufika koma kasingano ka float, komwe kamatseka petulo kabakuliko kakadzaza, kamatirira, katseka khomo. Gogodani pang'ono pamwamba pa kabakuliko ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, nthawi zina kamamasuka.

Kenako tengani botolo loyera lokhala ndi lita imodzi ya petulo watsopano ndi kapaipi ka rabara. Zulani paipi yolowa mukabureta, lumikizani ya botolo, botololo mulipachike chokwera kuti petulo azitsika yekha. Paipi yochokera kupampu muilozetse muchigubu china, apo ayi petulo angathirikire pa injini. Ikalira nkupitiriza, kabureta ilibe mlandu waukulu, ndipo nthawi yomweyo mudzaona zomwe pampu ikulavulira muchigubu chija. Pampu yabwino imaponya petulo mwamphamvu, modukizadukiza, chifukwa imakankhidwa ndi camshaft, chitsulo chozungulira mkati mwa injini. Ikamangodontha kapena osatulutsa kanthu, musaiweruze msanga. Ipatseni nayonso botolo kupaipi yake yolowera. Ikakoka za mubotolo bwinobwino, pampu ilibe vuto, chatseka chili pakati pa pampu ndi thanki. Mapampu ena amakhala ndi mapaipi atatu, yachitatuyo ndi yobwezera petulo wotsala kuthanki, ndiye muone bwino musanazule.

Chinanso, solani chitsulo choyezera oyilo muchinunkhize. Ngati oyilo watsopano uja akununkha petulo kapena wakwera kuposa pomwe munalekezera, chikopa cha mkati mwa pampu chinang'ambika, petulo akutsikira musampu, momwe mumakhala oyilo. Zikatero pampu ndi oyilo zonse nzosintha, ndipo musaiyendetse.

Za pampu yamagetsi ndikana. Kabureta imafuna mphamvu yochepa kwambiri, cha m'ma 0.2 mpaka 0.3 bar. Mapampu ambiri omwe anthu amazula m'magalimoto a injection, aja opanda kabureta, amakankha cha m'ma 3 bar. Mukaika yotero, kasingano ka float sikangatseke, petulo amasefukira pa injini yotentha. Ndinaonapo boneti itapsa utoto wonse chifukwa cha zimenezi.

Ndikupempheninso, zothira petulo mukabureta wina akuzunguza kiyi musiye. Injini ikatsokomola chobwerera, lawi limatulukira pomwepo pomwe pali nkhope yanu. Thirani pang'ono, botolo muike kutali, muime pambali, ndiye wina alize. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga.

Wa ku Joni:

Zomwe anena amakaniko ndi zoona zonse. Ine ndiwonjezere chimodzi chomwe chinandidyera masabata awiri kuno ku Johannesburg. Ndinagula Nissan 1400, kapikapu kaja anasiya kupanga mu 2008, kwa mzimayi wina yemwe anakasunga mugalaja zaka zambiri. Tinatsuka kabureta, fyuluta yatsopano, kanalira. Koma ndikayenda makilomita ochepa kamayamba kudukiza, nkuzima. Ndikadikira pang'ono kamaliranso. Tsiku lina nditaima m'mbali mwa msewu ndinatsegula chitsekero cha thanki, ndinangomva fuuu, mpweya ukulowa. Thanki imalephera kupuma. Petulo akamatuluka mpweya uyenera kulowa m'malo mwake, apo ayi pampu imakoka mpaka kutopa. Galimoto yanu yakhala pansi pa mtengo zaka zitatu, ndiye muone kapaipi kopumira thanki, mavu aja omanga ndi dothi amakonda timabowo totero. Kuyesa kwake nkosavuta: ikayamba kulira, muiyendetse pang'ono chitsekero chili chomasula, muone ngati zisinthe.

Mapaipi a rabara onse musinthe, ngakhale akuoneka abwino. Makamaka kaja kali pamwamba pa thanki komwe maso safika. Paipi ya mbali yokokera ikang'aluka siidontha, imangoyamwa mpweya, ndiye simuona chonyowa paliponse. Pogula munene kuti mukufuna paipi ya petulo, asakupatseni ya madzi.

Dalaivala wopuma:

Mwana wanga, thankiyo itsitseni basi, palibe njira yachidule. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo kusakanizaku kunayamba kalekale, mu 1982. Galimoto ikamayenda tsiku ndi tsiku palibe chovuta. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndiye thanki ikakhala ndi kota yokha, mbali yotsalayo ndi mpweya wonyowa. Ku Bembeke ndi kozizira, nkhungu ya mu June ndi July mukuidziwa nokha. Madzi amadikha pansi, pomwe pali kamwa la paipi yokokera, chitsulo nkuchita dzimbiri. Kunsonga kwa paipiyo kumakhala kasefa, ndikukhulupirira kuti kanatsekeka.

Ngati thanki yatulukira bowo, musalole munthu kuiwotcherera ili choncho. Thanki yopanda petulo ndiyo yoopsa kuposa yodzaza, chifukwa chimaphulika ndi nthunzi. Ndipo popopa petulo wakaleyo osayamwa ndi pakamwa.

Mlimi wa ku Bembeke:

Zikomo nonse, makamaka inu amakaniko ndi inu madala. Loweruka ndi dzulo ndinali pansi pa galimoto ndi mphwanga, ndiye ndikufotokozereni.

Kagalasi kaja ndinakapeza, kanali kouma. Ndi botolo lopachika paboneti, petulo anakwera mpaka pakati, galimoto nkulira. Mayi anatuluka m'nyumba kudzaima pakhonde, sananene kanthu, anangoima mpaka tinazimitsa. Muchigubu chomwe tinalozetsamo paipi ya pampu munangogwa timadontho tofiirira. Titaipatsa pampu botolo lakelake, inakoka lonse msangamsanga. Oyilo sakununkha petulo. Ndiye pampu ndi yamoyo, ndalama zija zapulumuka.

Thanki tatsitsa. Zomwe zinatulukamo sindinazionepo: pamwamba petulo wofiira ngati tiyi, pansi madzi a dzimbiri pafupifupi makapu awiri. Kasefa kanakutidwa ndi zinthu zakuda zomata, kabowo ngakhale kamodzi osaoneka. Paipi ya rabara ya pamwamba pa thanki, yomwe munanena achimwene a ku Joni, inathetheka m'manja pomwe ndimaizula. Paipi yachitsulo yoyenda pansi pa galimoto tinaipopa ndi pampu ya njinga kuchokera kutsogolo, poyamba inakana, kenako inalavula chinthu ngati phala. Kapaipi kopumira kanalibe mavu, koma ndakapopanso.

Chatsala ndi ichi. Pabotolo paja galimoto ikulira bwino ndikaponda moto, koma ndikangochotsa phazi ikuzima. Ndikakoka tchoki pang'ono imapirira. Kodi pamenepa ndiye kabureta inafadi? Komanso thankiyi nditsuke ndi chiyani?

Makaniko wa ku Kawale:

Siinafe. Mwagwira ntchito yabwino. Kulira mukaponda moto nkuzima mukasiya, kupirira ndi tchoki, zonsezi zikuloza njira imodzi: kanjira ka idling, kodyetsa injini musanaponde moto, sikakupereka petulo wokwanira, kapena mpweya ukulowera pena pake posayenera.

Musanamasule kabureta yang'anani kachitsulo kokhala ndi waya kobayidwa m'mbali mwake. Ndi solenoid yomwe imatseka petulo wa idling mukazimitsa kiyi. Mphwanu atembenuze kiyi osaliza, inu muikepo chala, muyenera kumva kuti tha. Ngati kali zii, onani ngati magetsi akufika pawayapo. Galimoto yogona panja makoswe amaikonda, ndipo amayambira mawaya omwewa. Onaninso timapaipi tating'ono ta vacuum tozungulira kabureta, kamodzi kakang'aluka kapena kuzuka idling imathawa.

Zimenezi zikakhala bwino, tsegulani chapamwamba cha kabureta. Jambulani ndi foni musanazule chilichonse, ndipo yalani nsalu yoyera patebulo, chifukwa muli timipira ndi timasipuling'i tomwe tikagwa pansi simutipezanso. Pansi pa kabakuli mupeza zomata zomwe zija. Jeti ya idling, kachitsulo kabowo kodutsa petulo, ndi yowonda, kabowo kake kochepa kwambiri, ndiyo imayamba kutsekeka. Iviikeni mu carb cleaner kapena thina, muipope ndi mpweya, muiyang'anire kudzuwa mpaka kuwala kuoneke. Osaitokosa ndi singano kapena waya wachitsulo: ndi ya mkuwa, bowo likakula galimoto izidzamwa petulo ngati lole. Sikuluwu ya mixture, yosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya, mukafuna kuichotsa, yambani mwaimanga pang'onopang'ono mpaka igunde mukuwerenga kuti yazungulira kangati, kuti mudzaibwezere pomwe bambo anaisiya. Gasiketi ya pamwamba ikang'ambika mugule ina, osamata ndi silikoni, petulo amamusungunula nkutsekanso majeti.

Thanki muchotse kaye geji ya petulo ndi paipi yokokera. Ponyanimo manati ndi mabawuti odzaza manja awiri, muwawerenge polowetsa kuti atuluke onse. Thiranimo madzi otentha ndi sopo waufa, muikhutchumule awiri mpaka madzi azituluka oyera. Kenako iume padzuwa tsiku lonse, zibowo zili zotsegula, kutali ndi moto wa kukhitchini. Ikauma muzunguzemo petulo pang'ono nkumutaya, ndipo muibwezere msanga nkuidzaza, chifukwa chitsulo chotsuka chimachita dzimbiri mofulumira. Mafyuluta mugule awiri kapena atatu, aja oonekera mkati. Yoyambayo idzadzaza zinyalala m'masabata oyamba, ina izikhala mugalimoto pamodzi ndi sikuludiraiva.

Musanakweze thumba ngakhale limodzi, muone mabuleki ndi matayala. Mafuta a mabuleki nawonso amakoka madzi, ndipo timarabara ta m'mawilo timauma galimoto ikaima zaka zitatu. Njira yotsika ku Bembeke ndi katundu kumbuyo imafuna buleki yogwira. Mutiuze zomwe solenoid yachita.