Fairmont GT ya malemu amalume: ndiike ma coilover kapena ndingokonza zomwe zilipo?

mphwake_katoto

Monire mose, tithandizane apa akuluakulu. Malemu amalume anga anandisiyira Ford Fairmont GT ya 1971, ija ya 351 Cleveland V8, anabwera nayo kuchokera ku Joni kalekale ndipo yakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Katoto zaka zambirimbiri. Injini tayidzutsa ikulira bho, koma kayendedwe kake nde ayi. Pa hampu kutsogolo kumagwada mpaka kumveka kuti gu pansi, kumbuyo kwakhala pansi makamaka mbali ya dalaivala, ndipo nditayesa njira ya ku Nkhata Bay pa makona aja imangopendama ngati bwato pa mwera, chiwongolero kuchikhotetsa galimoto imayamba yaganiza kaye kenako nkumakhota, ndinachita kubwerera panjira.

Nde pa YouTube anzathu a ku America amangoti chotsani zonse, ikani ma coilover (shoku yokhala ndi sipuling'i yake pamodzi), ma tubular arm (mikono yogwira matayala yopangidwa ndi mapaipi), kumbuyo 4-link (zitsulo zinayi zogwira difu m'malo mwa ma leaf spring), malimu a mainchi 18 kenako muitsitse. Zikuoneka zokongola ndithu sindinama. Koma foleksi mukuidziwa mmene ilili, ine ndingakwanitse kuyitanitsa katundu kamodzi basi, ndiye ndiyambire pati? Galimotoyi si ya mpikisano, ndikufuna ya Loweruka ndi Lamlungu, kunyanja, maukwati, mwina ka ulendo ka ku Karonga.

fundi_wa_luwinga

Achimwene pepani za amalumewo. Musanatumize olo dola imodzi kunja, ikwezeni pa jeke mulowe pansi ndi tochi. Ma Ford a nthawi imeneyo, Falcon, Fairmont, Mustang, kutsogolo anawapanga mofanana: sipuling'i imakhala pamwamba pa upper arm (mkono wapamwamba wogwira tayala) nkumakankha shock tower, zitsulo zija zatukuka mkati mwa boneti uku ndi uku kwa injini. Kulemera konse kwa 351 yanuyo kumathera pamenepo ndipo pamakonda kung'aluka, makamaka mozungulira mabauti a upper arm. Mvula ya Mzuzu sindikuuzani ndine, galimoto yoti yagona panja zaka zonsezo dzimbiri silingalephere, onaninso pomwe ma leaf spring amangirira kumbuyoko. Mukapeza mng'alu wotchererani kaye, apo ayi muzimanga zitsulo zodula pa thupi lowola.

Za kugwada ndi kupendamazo musadabwe, mashoku anafa kalekale ndipo labala yense anauma. Galimotoyo simunaimve mmene imayendera ikakhala yabwinobwino, nde mukufuna kusintha chinthu chomwe simukuchidziwa. Sinthani ma ball joint onse anayi, ma tie rod end, idler arm, mabushi a lower arm, a strut rod, a sway bar (chitsulo chochepetsa kupendama pa kona), ndi kachitsulo kaja kokhalapo sipuling'i pa upper arm kotchedwa saddle, kameneko anthu amakaiwala koma kakauma kutsogolo konse kumalimba nkumalira kwii kwii. Steering box ili ndi sikulu yochepetsera kugwedera pamwamba pake koma muziifinya pang'onopang'ono, mukaifinya kwambiri chiwongolero chimasiya kubwerera chokha mukatuluka pa kona ndipo bokosilo limadyeka.

Kumbuyo kwakhala pansiko musanamizidwe kuti mashoku atsopano akweza, shoku sinyamula galimoto, imangoletsa kudumphadumpha. Atopa ndi ma leaf spring. Gulani atsopano a msinkhu wake weniweni, kapena akapindidwenso kwa anthu oti ali ndi ng'anjo yake, osati zomenya ndi hamala pa njanji zija, pakapita miyezi ingapo amagonanso. Ena akuuzani kuti onjezerani lifu imodzi ya Hilux, iyayi, ikwera inde koma msana wanu uzimva mwala uliwonse. Ndipo aliyense wobwera ndi gasi kuti adule kapena kutenthetsa masipuling'i akutsogolo mumuthamangitse.

Zoitsitsazo iwalani. Pansi pali sampu ndi ekizozi, inu mukukhala tawuni ya mahampu, tsiku lina mudzaitanidwa ukwati ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo mwezi wa February ndipo mudzasiya oyilo yense pamsewu.

aise_v8

Mdala wa ku Luwinga mwayankhula bwino koma mukutiopseza kkkk. Ma coilover si otsitsira okha, ubwino wake ndi woti msinkhu umausankha wekha ndi sipanala, kufuna kukweza ukweza, komanso mbali imodzi ikagona umangoiwongola pompo. Tili mu nthawi ina ase, bwanji munthu aziyenda ndi nzeru za 1971 pomwe zatsopano zilipo? Ine ndikanakhala iweyo bola kulira kamodzi, coilover kutsogolo, mabushi a poly (polyurethane, yolimba kuposa labala) galimoto yonse, malimu a 17, nkhani yatha.

mtonga_ku_joni

Bwana mphwake, kaye kaye, mukudziwa chomwe muli nacho kuseri kwa nyumbako? Fairmont GT ndi Falcon GT ya ku Australia yomwe inkabwera mzidutswa nkumamangidwa kuno ku South Africa, ndipo anthu a ku Australia akhala akubwera kudzazigula nkubwerera nazo kwawo chifukwa zinatsala zochepa. Ngati yanuyo ili GT yeniyeni, manambala a injini ndi a bodi akugwirizana, chonde musalole munthu aidule. 4-link yambiri imafuna kuwotcherera mabulaketi pa difu ndi pansi pa bodi, mukatero mtengo wake mwaugwetsa nokha. Chilichonse choika chikhale chomanga ndi mabauti, ndipo zakale zomwe mwachotsa musakagulitse kwa a zitsulo zakutha, sungani mu katoni.

Pofufuza zipangizo musalembe Fairmont yokha, akupatsani za Fairmont ya ku America ya 1978 yomwe ndi galimoto ina kotheratu. Lembani Falcon XW kapena XY, ya 1971 ikuyenera kukhala XY. Zina za Mustang ya zaka zomwezo zimalowa koma osati zonse, makamaka za chiwongolero poti yathuyi ndi ya kumanja, nde muzifananiza kaye ndi chakale musanalipire.

Mashoku ngati thumba lili lopyapyala yambani mwafunsa Gabriel kapena Monroe, kuno ndi mayina a tsiku ndi tsiku, apatseni muyeso wa shoku yakale itatambasuka ndi itafinyika komanso mmene mitu yake ilili. Ngati ilipo ndalama Koni zofiira zija ndi zabwino, zimatheka kuzilimbitsa kapena kuzifewetsa. Masipuling'i a King Springs a ku Australia amapanga a magalimoto amenewa, posankha muonetsetse kuti ndi a V8 komanso a standard height, chifukwa ambiri omwe amaoneka koyamba pa intaneti ndi otsitsa. Chodula kwambiri si kugula koma kunyamula, ma leaf spring ndi olemera zedi, pa ndege mulira, bola afikire kuno kenako akwere ndi ma transporter a pamsewu. Musaiwale kusiyako ya MRA pa bajeti yanu.

fundi_wa_luwinga

Aise_v8 mwana wanga, poly galimoto yonse ayi. Pa sway bar ikani poly palibe vuto, mpake. Koma pa strut rod, chitsulo chija chochoka pa lower arm kupita kutsogolo, pamafunika labala. Chitsulo chimenecho chimayenera kukwera ndi kutsika limodzi ndi tayala, mukachimanga ndi bushi yolimba chimayamba kupindika chokha pa mazinga mpaka tsiku lina chimathyoka, tayala nkubwerera mmbuyo kukagunda bodi. Taganizani zikuchitikireni mukutsika Chiweta. Komanso poly pa fumbi lathuli imalira ngati simuipaka girisi pafupipafupi.

Coilover sindikuikana kuti ndi yoipa. Funso langa ndi loti ikayamba kudontha oyilo muitengera kwa ndani muno mu Mzuzu? Zambiri zimabwera ndi ma rose joint, zolumikizira zachitsulo zopanda labala, mchenga ukalowa zimayamba gwedegwede msanga, ndipo anazipangira misewu yosalala. Shoku wamba ikafa mumachotsa nkuika ina tsiku lomwelo. Malimu a 17 kapena 18 nawonso ndiye kuti tayala lopyapyala, dzenje limodzi la pa M1 limu yapindika. Khalani pa 14 yake yomweyo kapena 15, tayala likhale ndi mnofu.

China, mabauti onse odutsa mu mabushi a labala muzimalizitsa kumanga galimoto itatsika pa jeke itaponda pansi. Anyamata ambiri amamanga ili mmwamba, ikatsika labala amakhala wopotoka kale ndipo sachedwa kung'ambika.

mayi_wa_ma_ford

Ndawerenga zonse koma palibe watchula Shelby drop, chonsecho ndi chinthu chotchipa kuposa zonse pa magalimoto amenewa. Mumaboola mabowo atsopano pa shock tower nkutsitsa pomangira upper arm ndi inchi imodzi, 25 mm. Anaitulukira ndi injiniya wa Ford Klaus Arning, kenako Shelby anaigwiritsa ntchito pa Mustang GT350 ya 1965, nchifukwa chake ili ndi mayina awiri, Arning drop ndi Shelby drop. Vuto la ma Ford amenewa ndi loti pa kona tayala lakunja limapendamira kunja nkumaponda ndi mphepete yokha, nde mukatsitsa arm ija tayala limaponda lonse ndipo kupendama kumachepa osalimbitsa masipuling'i nkomwe. Kutsogolo kumatsikako pang'ono chabe, mwina sentimita imodzi ndi kanthu. Osapitirira inchi imodziyo, ball joint yapamwamba imafika pothera nkuthyoka, ndipo gwiritsani template yachitsulo yoonetsa poboola osati kuyeza ndi maso.

Mukamaliza zonse alayimenti musalole angotenga manambala a m'buku lakale, amenewo anali a matayala a nthawi imeneyo. Pa ma radial a masiku ano auzeni caster ya positive madigiri 2 kapena 3, camber (kupendama kwa tayala) ziro kapena negative theka la digiri, toe-in (kulozera mkati kwa matayala akutsogolo) mamilimita 3. Caster imeneyo ndi yomwe imapangitsa galimoto kuyenda mowongoka osasakasaka msewu. Sway bar yakutsogolo yokulirapo ithandiza, koma yakumbuyo musaike, V8 yopepuka kumbuyo pa phula lonyowa la ku Chikangawa idzakutembenuzani kuyang'ana komwe mwachokera.

Ndipo achimwene matayala omwe mwapita nawo ku Nkhata Bay aja ndi a liti? Pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi zilembo zoti DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukapeza atatu okha ndiye kuti ndi a chaka cha 2000 chisanafike, musayendenso nawo olo kupita pa golosale.

mphwake_katoto

Yewo chomene nonse. Mayi, ndapita kukaona, manambala ndi atatu kkkk, yabwerera pa njerwa. Ndalowanso pansi ndi tochi monga ananenera a fundi, tower ya kumanja ili ndi kamng'alu pafupi ndi bauti yakutsogolo, ya kumanzere ili bwino. Nde oda yanga ikhala ma ball joint, ma tie rod, idler arm, mabushi a labala, ma saddle, masipuling'i a standard height kutsogolo ndi kumbuyo, mashoku ndiona mmene ndalama itsalire. Aise_v8 usakwiye, ma coilover adikire.

Chomwe chandisokoneza ndi Shelby drop. A ku Joni akuti osadula kalikonse, amayi akuti boolani. Mabowo anayi amenewo sagwetsa mtengo wa galimoto?

mtonga_ku_joni

Wogula wokonda zachikale kwambiri adzawaona ndipo adzadandaula, koma mabowo amatsekeka, si chimodzimodzi ndi kudula pansi pa bodi. Ine ndikanayamba ndayenda nayo miyezi ingapo zonse zili zatsopano, ikamapendamabe nde muboole.

fundi_wa_luwinga

Kuboola pafupi ndi mng'alu ayi. Muwotchere kaye, muike kachitsulo kolimbitsira kuseri kwake, ndipo wowotchererayo ayambe waboola kabowo kakang'ono pothera mng'aluwo kuti usapitirire. Batire muchotse, ndipo paipi ya petulo muione komwe yadutsa asanayatse moto.