Road bike yandiswa msana ndi manja, ndipirire kapena pali chosintha?

Wapedulo:
Abale ndithandizeni maganizo. Ndakhala ndikupalasa mountain bike popanda vuto lililonse, ndiye posachedwapa ndagula road bike yanga yoyamba, zija za mahandulo opindikira pansi. Kuthamanga kokha ikuthamanga bho koma ndikapalasa kanthawi msana wam'munsimu ukumayamba kuwawa, pamkono apa polumikizana ndi dzanja pakumawawanso, kachala kakang'ono ndi kachinzake koyandikana nako kumachita dzanzi mpaka ndimasiya handulo n'kumakutumula dzanja njinga ikuyenda. Ena akuti thupi lizolowera, ena akuti ndagula yaikulu. Ndimve ziti?

MkuluWaTcheni:
Achimwene musanagule chilichonse yang'anani chishalo kaye. Anthu ambiri amachiweramitsa kutsogolo poopa kuti chiziwapweteka, ndiye thupi limangotsetserekera ku mahandulo ndipo kulemera konse kumathera m'manja. Imikani njinga pamalo osatsetsereka, ikani kathabwa pamwamba pa chishalo muone ngati chili flat. Kutalika kwa chishalonso, khalani pa chishalo muike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke koma chiuno chisapendekeke. Ngati chiuno chikumagwedera uku ndi uku popalasa ndiye kuti chishalo chakwera kwambiri ndipo msanawo ndi umene ukulipira. Okonda masamu amagwiritsa ntchito njira ya Greg LeMond, yemwe anawina mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 1986, 1989 ndi 1990: yezani mwendo mkati kuchokera pansi mpaka mphechepeche n'kuchulukitsa ndi 0.883, mwendo wa 80 cm umapereka pafupifupi 70.6 cm kuchokera pakati pa crank (pomwe mikono ya mapedulo imazungulirira) kufika pamwamba pa chishalo. Ndi poyambira chabe, matupi amasiyana.

Liwiro_Lokha:
Aaa inu musamuopseze munthu ndi masamu, zimenezi zimatha zokha. Road bike umakhala wowerama, minofu ya pamimba ndi msana sinazolowere basi. Muzipalasa maulendo afupiafupi, muzichitako ma plank (masewera olimbitsa minofu ya pamimba ndi msana), komanso zigongono musamaziumitse ngati mukukankha wilibala, zizikhala zopindika pang'ono kuti mabampu asamathere pamkono. Gulani magolovesi nkhani yatha.

NamaBuleki:
Msana ndivomereza kuti umazolowera, koma dzanzi ayi, limenelo si lopirira. Zala ziwiri mwatchulazo zimayendera mtsempha umodzi, ulnar nerve, umadutsa m'mphepete mwa chikhatho mbali ya kachala kakang'ono ndiye mukautsamira nthawi yaitali umapanikizika. Likanakhala dzanzi la chala chachikulu ndi cholozera tikanati median nerve, kumeneko nthawi zambiri ndi kupinda dzanja kwambiri. Magolovesi amathandiza pang'ono koma kulemerako amakusiya pomwepo. Funso langa, mumagwira pati? Ngati nthawi zonse manja akumathawira pamwamba pa handulo pafupi ndi stem (kachitsulo kolumikiza handulo ku njinga) chifukwa pa ma hood (timphira ta pamwamba pa zogwirira mabuleki) pakuoneka patali, ndiye kuti njinga yakutalikirani. Stem zambiri zimakhala pakati pa 80 ndi 120 mm, mutha kuika yofupikirako ndi 10 mm, kapena kuitembenuza kuti iloze m'mwamba, kapenanso kusamutsa ma spacer (timaring'i tosanjikizana ndi stem) ali pamwamba apite pansi pake handulo ikwere. Ndipo muzisinthasintha pogwira, handuloyi anaipinda dala kuti ikhale ndi malo atatu.

Wapedulo:
Zikomo akuluakulu. Ndayeza ndi kathabwa, chishalo chinabwera choweramadi kutsogolo, ndipo zoona pa ma hood sindikhalitsapo. Ndisinthe zonse lero lomwe?

NamaBuleki:
Ayi, chimodzichimodzi, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Yambani chishalo, matani katepi pa seatpost (chitsulo chonyamula chishalo) kuti mudziwe pomwe chinali, musunthe mamilimita ochepa okha n'kupalasa kangapo musanakhudze stem. Mabawuti a stem musamange mwamphamvu ndi Allen key, pambali pake amalemba malire, kawirikawiri 5 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira bawuti), makamaka ngati handulo ndi ya carbon. Dzanzi likamapitirira mutatsika panjinga kapena zala zikayamba kufooka, siyani kaye kupalasa mukaonane ndi dokotala.